Mwana akuwerenga Chingerezi ngati wa pa wailesi koma sakumva kanthu: mmene ndimachitira ndi a Fomu 3 ndi 4

Aphunzitsi anzanga a Chingerezi, izi ndikulembera inu amene muli ndi Fomu 3 ndi Fomu 4, ndi inunso amene madzulo mumathandiza akuluakulu okonzekera IELTS, mayeso a Chingerezi aja amene amafunika pokaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja. Za ana oyamba kumene kuphatikiza zilembo sindikambako, amenewo ali ndi akatswiri awo ku pulayimale. Ine mutu umandiwawira mwana uja amene ukamupatsa nyuzipepala amawerenga mokweza ngati wa pa MBC, liwu lililonse kulitchula bwinobwino mpaka anzake kumuombera m'manja, koma ukangomufunsa kuti nde wolembayu akuti bwanji, amayang'ana kudenga ngati yankho alimata pa malata.

Ndinazindikira vutoli tsiku lina ndi kachiganizo kamodzi kokha. Ndinalemba pa bolodi kuti "The new scheme hardly helped the farmers" nde ndinafunsa kuti alimiwa anathandizidwa kapena ayi. Manja anakwera pafupifupi kalasi yonse, ana oposa 70, eya sala anathandizidwa kwambiri. Mtsikana wina wanzeru zedi, amene mayeso a galamala ankakhoza kuposa onse, anafotokoza molimba mtima kuti hardly akuchokera ku hard, ndiye kuti anawathandiza mwamphamvu. Anzake kugwedeza mitu. Ine choko m'manja ndangoti kakasi, chifukwa kaganizidwe kake kanali kolondola ndithu, Chingerezicho ndi chimene chili ndi chinyengo. Ndiye tangoganizani ndime yonse ya mayeso itatsamira pa kaliwu kameneko, mwana ayankha mafunso asanu mozondoka ali ndi chikhulupiriro chonse kuti wakhoza. Ndipo tonse tikudziwa kuti pa MSCE ukalephera Chingerezi satifiketi palibe ngakhale utakhoza masamu ndi sayansi bwanji, ku yunivesite za boma nako amafuna ma kirediti 6 ndipo Chingerezi chikhalepo.

Jim Cummins wa ku yunivesite ya Toronto anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ife timakonda kuziphatikiza: Chingerezi chochezera ndi Chingerezi cha m'mabuku. Iye anaona kuti mwana wobwera m'dziko lolankhula Chingerezi amatha kucheza bwino pakangotha zaka ziwiri, koma kuti afike pa chiyankhulo cha maphunziro zimatenga zaka 5 mpaka 7. Ameneyotu ndi mwana amene akumva Chingerezi m'basi, m'sitolo, pa bwalo la mpira. Nanga wathuyu amene amachimva mphindi 40 za piriyodi kenako pa buleki wabwerera ku Chichewa kapena Chiyao kapena Chitumbuka? Choncho musanyengeke ndi mwana wolankhula mothamanga, ndipo musataye mtima ndi wachete uja.

Choyamba kuchita telemu ikangoyamba, yezani. Osati mayeso a ma maliki ayi. Apatseni ndime ya mawu pafupifupi 200, aliyense awerenge chamumtima ndi kudula mzere pansi pa liwu lililonse limene sakulidziwa. Paul Nation wa ku New Zealand, amene wathera moyo wake pa nkhani ya mawu, amati kuti munthu awerenge yekha bwinobwino opanda womuthandiza afunika kudziwa 98% ya mawu a pa tsambalo, ndiye kuti pa mawu 100 achilendo asapose awiri. Anawerengeranso kuti nyuzipepala ndi mabuku a nthano zimafuna mabanja a mawu 8,000 mpaka 9,000, banja kutanthauza liwu limodzi pamodzi ndi ena ochokera kwa ilo. Mukatolera mapepala aja muona nokha, wina mizere itatu, wina tsamba lonse lachita ngati munda wa mizere. Amenewa sangadye chakudya chimodzi.

Kuchokera apa ndimagawa kuwerenga pawiri ndipo sindisakaniza. Pali kuwerenga zambiri zosavuta, pali kuwerenga pang'ono zovuta tili limodzi.

Kuwerenga zambiriko sikufuna ukatswiri, kumangofuna zowerenga, ndipo ndikudziwa muti mabuku kulibe. Ine ndili ndi katoni. Ndimapempha nyuzipepala zakale, The Nation, The Daily Times, za Loweruka zija zimakhala ndi nkhani zazitali zabwino, ndimathamangira asanazitenge ogulitsa mandasi, ndimadula nkhani imodziimodzi nkumata pa zikatoni za sopo nkulemba nambala. Za mpira, za milandu ya kukhoti, za oyimba, makalata opita kwa mkonzi. Mphindi 10 zoyamba kawiri pa sabata aliyense atenge kake awerenge, akamaliza alembe nambala ndi chiganizo chimodzi m'kope basi. Osafunsa mafunso khumi, mukangoyamba zimenezo mwapha chilakolako chonse. Anyamata amene ankati kuwerenga nkotopetsa amalimbirana za Bullets ndi Wanderers, asiyeni, Chingerezi chake ndi chomwecho. Ngati muli pafupi ndi nthambi ya National Library Service pitani mukafunse za mabuku aja ofewetsedwa mwadala molingana ndi msinkhu wa wophunzira, ndi golide amene uja.

Tsopano kuwerenga kovuta, apa nde pali ntchito yeniyeni ndipo ndichedwapo.

Ndimatenga ndime imodzi ya mawu ngati 300, yokhala ndi mtsutso mkati mwake, monga ndemanga ya mkonzi pa nkhani ya makala kapena ya fetereza, ndipo timakhala nayo sabata yathunthu. Inde sabata. Poyamba ndinkaopa silabasi, kenako ndinaona kuti ndime khumi zothamangira zimasiya ana pomwe anali. Tsiku loyamba awerenge chamumtima, osati mokweza, chifukwa wowerenga mokweza mtima wake wonse umakhala pa katchulidwe kuopa kusekedwa pa l ndi r, tanthauzo limadutsa osaliona. Akamaliza atembenuze pepala, auze mnzake wa pa desiki m'Chichewa, chiganizo chimodzi, kuti wolembayu akufuna ife tikhulupirire chiyani. Osati nkhaniyi ikukamba za chiyani, chifukwa aliyense angoti za makala. Akufuna tikhulupirire chiyani za makalawo? Funso limeneli lokha limasintha kalasi.

Tsiku lachiwiri ndi losaka timawu ting'onoting'ono tokhotetsa nkhani. However, although, whereas, despite, unless, yet, rather than, ndi azibale ake a hardly aja, scarcely, seldom, komanso kusiyana kwa few ndi a few. Ana athu amathamangira mawu akuluakulu ku dikishonale nkumalumpha timeneti, pomwe ndi timene tagwira chiwongolero. Ndimawauza kuti although ali ngati munthu amene akukuyamikira kaye asanakudzudzule, zimene akunena kumayambiriro si zimene wabwerera, dikira chiganizo chikhote. Azizunguliza ndi pensulo, kenako ndimafunsa kuti maganizo a wolemba ali mbali iti, isanafike however kapena itadutsa. Tsiku lomwelo timakoka mivi. It, this, they, which, the former, the latter, lililonse likokedwe muvi kubwerera ku chinthu chimene likuimira. Mudzadabwa kuona mivi ikulowera kosiyanasiyana, ndipo mudzamvetsa chifukwa chake mafunso aja oti liwu ili likuimira chiyani amawagwetsa. M'Chichewa mgwirizano umatithandiza, ukamva "chinagwa" ukudziwa kale kuti si munthu wagwa, ukamva "unaphwa" ukudziwa kuti ndi mtsinje kapena china cha gulu limenelo. Chingerezi chimangoti it, zina zonse udziwe wekha.

Tsiku lachitatu timaphwanya ziganizo zazitali. Chingerezi cha m'mabuku chimakonda kubisa wochita ntchito, chimatenga mneni nkumusandutsa dzina. Onani ichi: "The removal of the subsidy resulted in a sharp decline in maize production." Mawu onsewa mwana wa Fomu 4 akhoza kuwadziwa, koma mufunseni kuti ndani anachotsa chiyani, nanga chinatsika nchiyani, aima. Nde timachimasula pa bolodi kukhala tiziganizo tatifupi ta Chingerezi chomwecho: somebody removed the subsidy, then farmers produced much less maize. Akazolowera kumasula, timatembenuza, ndimawapatsa tiziganizo tatifupi kuti amange chimodzi cholemera. Apa mpamene kuwerenga kumayamba kusanduka kulemba, ndipo amene adzapite ku koleji adzakuthokozani chifukwa mabuku a kumeneko alembedwa choncho tsamba lililonse.

Kalasi ikakhala yaikulu ndimagwiritsa njira ya magulu a anthu anayi, yochokera pa imene akatswiri Palincsar ndi Brown anaifotokoza mu 1984. Mmodzi amalosera zimene zikubwera m'ndime yotsatira, wina amafunsa mafunso, wina amamasulira povuta, wina amafupikitsa. Ndime ikatha amasinthana ntchito. Sabata ziwiri zoyamba ndi phokoso lokhalokha, musaname, ndipo wofunsa mafunso amangofunsa zophweka zoti yankho lili poyera. Muwaonetse nokha kaye, imani kutsogolo muwerenge ndime mukuganiza mokweza, "apa sindinamve, ndibwerere... ooh this akunena lamulo lija." Ana ambiri sanaonepo munthu wamkulu akuvomera kuti sanamve nkubwerera m'mbuyo, amaganiza kuti odziwa amangomva kamodzi.

Za mawu atsopano ndinene mwachidule. Siyani zolembetsa mawu 20 ndi matanthauzo ake kuti aloweze. Pali mndandanda wa Averil Coxhead wa chaka cha 2000, Academic Word List, mabanja a mawu 570 amene amapezeka m'mabuku a maphunziro a mtundu uliwonse, monga analyse, factor, significant, assume, ulipo pa intaneti ulere. Tengani asanu pa sabata amene ali kale m'ndime yanu ija. Ndipo liwu lisalowe m'kope lokha, lilowe ndi anzake oyenda nawo: make a decision, heavy rain, take medicine. Ife timamwa mankhwala, timamva fungo, timamva kuwawa, nde mwana akalemba kuti "I drank the tablets" kapena "I heard a bad smell" sikuti ndi mbuli, wangonyamula katundu wa kwawo nkulowa naye m'nyumba ya eni.

Izi zikundifikitsa pa nkhani imene timakangana nayo mu sitafu. Kuli masukulu mpaka lero amene amalanga mwana wolankhula Chichewa, ena kumuveka chikwangwani pakhosi. Ine zimenezo ndimakana. Mwana amene sanaganize mfundo sangailembe m'chiyankhulo chilichonse, ndipo kuganiza kozama amakuchita m'chiyankhulo chimene amalotera. Ndisanawalembetse za ubwino ndi kuipa koletsa makala, ndimawapatsa mphindi 5 akangane m'Chichewa, ndipo mfundo zimene zimatuluka apo nzakupsa, wina akuti kwathu ndi makala omwewo amene amandilipirira fizi, wina akuti nanga magetsi akazima tiphikira chiyani, wina akuti phiri la kwathu latsala miyala yokhayokha. Mukanayamba ndi Chingerezi mukanangomva "deforestation is bad" kasanu. Lamulo langa ndi limodzi: kangana m'Chichewa, lemba timfundo tatifupi m'Chingerezi, ndipo polemba ndime usamasulire chiganizo ndi chiganizo, yang'ana timfundo tako tokha.

Palinso china chimene sitiwauza ana ndipo ndi tchimo lathu. Kwathu kuno munthu waulemu safikira pa mfundo. Ukapita kwa amfumu kapena kwa apongozi umayamba ndi moni, za mvula, za matenda, mwambi umodzi kapena iwiri, chimene wabwerera chimatuluka kumapeto. Ndi luso limenelo, si kulephera. Koma nkhani ya mtsutso ya Chingerezi imafuna zosemphana, unene chimene wabwerera pakhomo pomwe usanakhale nkomwe pansi, kenako uzipereka zifukwa. Ndikawafotokozera choncho ana amaseka, amati nde Azungu ndi amwano eti, koma amamva, ndipo mawu oyamba aja otenga theka la tsamba amayamba kufupika.

Kalembedwe ndimaphunzitsa masitepe atatu, njira imene inakula kwambiri m'masukulu a ku Australia. Poyamba timaphwasula chitsanzo, ndipo chitsanzo chake ndi ndime yomwe ija takhala nayo sabata yonse, tione kuti chiganizo choyamba chikugwira ntchito yanji, umboni uli pati, wolemba wavomereza pati mbali ina asanaigwetse. Kachiwiri timalemba limodzi pa bolodi, iwo akupereka ziganizo ine ndikulemba, ndipo ndimalemba ndi zolakwika zomwe nkufunsa kuti tasiya bwino apa? Timafufuta, timasuntha, bolodi imada. Musadumphe sitepe imeneyi chonde, ndi pokhapo pamene mwana amaona kuti chiganizo chabwino sichigwa kumwamba. Kachitatu aliyense alembe yekha pa mutu wofanana nawo koma wina, tinalemba limodzi za makala, iwo alembe za mapepala apulasitiki. Ndipo ndimayamba ndi ndime imodzi yokha, mfundo, umboni, kufotokoza kuti umboniwo ukugwirizana bwanji ndi mfundoyo. Mwezi wathunthu ndime imodzi imodzi. Kompozishoni yathunthu imabwera mochedwa, chifukwa amene sangamange ndime imodzi mukamupatsa masamba awiri mwangomupatsa malo ambiri osochererapo.

Chenjerani ndi mawu oloweza. Mudzawapeza, nkhani iliyonse kuyamba ndi "It was a bright Monday morning when the birds were singing" ngakhale mutu uli wa ngozi ya usiku, ndipo aliyense ali flabbergasted, aliyense akuthamanga "as fast as my thin legs could carry me" ngakhale mnyamata wake ndi wonenepa kwabasi. Ndinawerengapo makope 12 otsatizana onse mbalame zikuimba Lolemba. Ndimawaletsa poyera, ndimalemba mndandanda pakhoma wa mawu amene apuma pantchito. M'malo mwake ndimati lemba chimene unaona ndi maso ako, ngati minibasi inali ndi chitseko chomangidwa ndi chingwe lemba chingwecho.

Kuchonga nde kumene kumatipha. Makope 80, cholembera chofiira, usiku ndi tochi ya pa foni, ukukonza cholakwika chilichonse, mawa mwana angoyang'ana maliki nkutseka kope. Ntchito yonse ija yapita m'madzi. Ndinasiya. Panopa ndimawerenga kaye ngati munthu wofuna kumva nkhani, nkulemba chiganizo chimodzi pa mfundo zake, monga chifukwa chako chachiwiri chilibe umboni. Kenako ndimasankha mitundu iwiri yokha ya zolakwika pa ntchito imeneyo, ndipo ndimawauziratu kuti sabata ino ndikuyang'ana nthawi za aneni ndi malekezero a ziganizo. Sindikonza, ndimangoika chizindikiro m'mbali, T pa nthawi, P pa zizindikiro za m'kalembedwe, kachizindikiro kena posonyeza kuti pasowa liwu, mwini wake apeze yekha nkulembanso. Kulembanso kumeneko ndi kumene kumalandira maliki, koyamba kaja ayi. Mukatero amayamba kuwerenga zimene mwalemba.

Zolakwika zina muzidziwiratu gwero lake kuti musapse mtima chabe. He ndi she amasokoneza chifukwa ife tili ndi "iye" mmodzi wa onse, mpaka wophunzira wa ku koleji amatha kulemba my mother he. A ndi the kwathu kulibe, nde zimatenga zaka, musayembekezere kuti phunziro limodzi lithetsa, bola muziwaonetsa m'ndime zimene akuwerenga kuti chinthu chikatchulidwa koyamba ndi a, chikabweranso ndi the. "Borrow me your pen", "discuss about", "I am coming" munthu akuchoka, zonsezi tengani chimodzi pa sabata, chikhale pa ngodya ya bolodi mpaka Lachisanu. Ndipo ziganizo zotalika ngati msewu wa M1 zolumikizidwa ndi and ndi so, mankhwala ake ndi kuwerengetsa mwini wake mokweza mpaka mpweya umuthere, pamene wapumira mpamene pafunika mpumiro. Inde ndikudziwa kuti zanga zomwe m'nkhani ino nzotalika, koma ine sindikulemba mayeso.

Kufupikitsa nkhani ndi kulemba manotsi, zimene MANEB imafunsa, ndimaphunzitsa ndi pepala lotembenuza. Awerenge ndime, alembe mawu osaposa asanu, atembenuze pepala, alembe chiganizo kuchokera pa mawu asanu aja. Pepala likakhala poyera dzanja limakopera lokha. Chizolowezi chimenechi ndi chimene chidzawapulumutse ku koleji pa mlandu wokopera ntchito za eni. Masiku anonso pali ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti yolembera munthu nkhani, amene ali ndi mafoni akubweretsa homuweki yosalala ngati yasitidwa, nde zolemba zofunika ndimalembetsa mkalasi ndikuona, ndipo wobweretsa zosalala ndimangomufunsa kuti liwu ili apa ukutanthauza chiyani.

Kwa inu a IELTS, zonse ndanenazi zikugwira, kungowonjezera wotchi. Gawo lowerenga ndi mphindi 60, ndime zitatu, mafunso 40. Gawo lolemba ndi mphindi 60 zomwezo, ntchito yoyamba mawu osachepera 150, yachiwiri osachepera 250 ndipo yachiwiriyi ndi imene imalemera kwambiri pa maliki, nde aipatse mphindi zake 40. Anamwino ofuna kukagwira ntchito ku UK amadziwa kale kuti bungwe la anamwino kumeneko limafuna giredi 7 pa mayesowa, kupatula pa kulemba pamene limalola 6.5, ndipo ndi pa kulemba pomwepo pamene ambiri amakakamira. Chimene chimawagwetsa powerenga ndi mafunso a True, False, Not Given, oti unene ngati mfundo ikugwirizana ndi ndime, ikutsutsana nayo, kapena ndimeyo sinanenepo kanthu. Munthu wamkulu wodziwa ntchito yake amayankha kuchokera m'mutu mwake, mayi wina namwino wa zaka zambiri anakangana nane kuti koma aphunzitsi zimenezi nzoona, ndimaziona kuchipatala tsiku lililonse. Ndinati mayi, nzoonadi, koma ndiloleni ndione chala chanu chili pa mzere umene wanena zimenezo. Anafufuza ndime yonse kawiri, chala chili m'mwamba, kenako anaseka nkulemba Not Given. Kuyambira tsiku limenelo kalasi yonse yankho lililonse limabwera ndi nambala ya mzere pambali, ndipo ndinazitengera ku Fomu 4 komwe, wopanda nambala ya mzere sindimuchongera ngakhale atakhoza.